Chitseko cha a Telala

Madzulo amenewo mu holo ya koleji munkanunkhira polishi. Ophunzira a gulu la ongodzipereka ankandandalika mipando, ena ankapachika maluwa apulasitiki, ndipo mnyamata wina ankangoti "wani, thu, wani, thu" pa maikolofoni ngati masamu amuthawa. Kunkabwera alendo olemekezeka kudzapereka mphoto kwa magulu a achinyamata otumikira m'madera, ndipo panalibe wokayika kuti yaikulu ikhala yawo.

Mtsikana amene ankapukuta mipando ya kutsogolo anzake ankamutcha Pepani. Dzinali anamupatsa atangoyamba kumene koleji, chifukwa ngakhale munthu amuponde phazi pa mzere wa chakudya, iye ndi amene ankayamba kupepesa. M'gululi analowamo ndi mtima wonse. Bambo ake anamwalira m'chipatala usiku popanda wowapatsa madzi, iye ali kusukulu yogonera komweko, ndipo kuyambira pamenepo sankatha kudutsa nkhalamba osaima.

Pa nsanja anali ataimikapo chitseko chatsopano cha matabwa olimba, chopakidwa penti woyera. Aliyense wa m'gulu anali atadindapo chikhatho chake, china chofiira, china chobiriwira. Pamwamba analembapo kuti KHOMO LA CHIYEMBEKEZO. Pepani ankachizemba ndi maso. Mwini wake wa chitsekocho ankamudziwa.

Anali mkulu wina amene m'dera lawo ankangowatcha a Telala. Ankakhala m'kachipinda ka kumapeto kwa mdadada wa nyumba za lendi, kuseri kwa msika. Maso awo anali atachita nkhungu, mwendo umodzi unafa ndi sitiroko, ana awo anapita kutali n'kuiwala njira yobwerera. Makina awo osokera ankakhala pakona atafundidwa nsalu, ndipo ankawathirabe mafuta ngakhale kuti makasitomala analeka kalekale kubwera. Wapampando wa gululo, mnyamata wa chaka chomaliza, wa mano oyera ndi mawu ngati a pawailesi, atangosuzumira m'kachipindako anatikita manja. "Apa ndiye pabwino," anatero.

Anafika Loweruka lina m'mawa ndi zitini za penti, onse atavala matisheti achikasu. A Telala anawadikira atavala malaya awo abwino, oyera, odzisokera okha, mabatani atamanga mpaka m'khosi. Mtsikana wojambula zithunzi, amene ankamutcha Kamera, anapukusa mutu.

"Agogo, mwatchena kwambiri. Anthu akaona chonchi aziti simukuvutika. Mulibe ena ong'ambika?"

Anawavula. Anawaveka chimalaya chimene ankapukutira makina, n'kuwakhazika pansi pafupi ndi poto wopanda kanthu.

"Yang'anani pansi. Ayi, osaseka. Taganizani za akazi anu amene anamwalira aja."

A Telala anaganizadi, ndipo Kamera anapeza chithunzi chimene ankafuna.

Kenako anatulutsa katundu, anapaka makoma penti wabuluu uku akuimba, anabwezeretsa katunduyo. Dzuwa litapendeka, Wapampando anakankha chitseko ndi nsapato. Chinali chakale, chodyedwa ndi chiswe m'munsi, koma chinkatsekeka, ndipo mkati chinali ndi mpiringidzo wachitsulo.

"Ichi chikutiwonongera ntchito. Chotsani. Tibweretsa chatsopano."

"Chitseko chisiyeni, ana anga," anatero a Telala. "Penti ndathokoza. Koma chitseko chisiyeni."

"Agogo akuopa afiti," wina anatero, onse n'kuseka.

Wapampando anapatsa Pepani sikuludiraiva. Iye ndi amene anagwada n'kumasula mahinjesi, mkuluyo atapendeketsa mutu, akumvetsera kulira kwa chitsulo. Anyamata anachigoneka chitsekocho n'kuchiponda mpaka chinathyoka pakati, kuti chioneke bwino pa chithunzi chosonyeza mmene zinalili kale. Zidutswa zake ana a m'deralo anathawa nazo kukasonkhera moto. Pakhomo anapachikapo chinsalu chachikulu cholembedwa dzina la gulu, akuti chizitchinga mphepo podikira. Ponyamuka, a Telala anagwira dzanja la Pepani ndi zala zawo zouma ngati nkhuni.

"Iwe wa manja ofewa, ndiwe wamasula. Udzabwera nacho?"

"Tibwera nacho, agogo. Pepani."

Chitseko chatsopano chinapezekadi, sitolo ina ya zipangizo zomangira inapereka. Koma chinafikira ku koleji, ndipo Wapampando atachiona anati n'chokongola, chiyambe chaonekera pa mwambo wa mphoto, agogo sathawa. Kenako kunabwera mayeso. Kenako mvula inayamba. Pepani anafunsapo pa msonkhano, Wapampando n'kumuyankha kuti, "Ngati wawakonda chonchi, kakwatiwe nawo." Gulu lonse linafa ndi phwete, ndipo iye sanafunsenso. Ankati apite yekha akawaone, koma ankachita manyazi kukafika chimanjamanja. Masabata anangodutsa.

Ndiye madzulo amenewo, ali pakati popukuta mipando, anamva Wapampando akukalipa pa nsanja.

"Chinsalu chathu chili kuti?"

"Chinatsala kwa agogo aja," anayankha Kamera.

"Nanga alendo adziwa bwanji kuti ndife ndani? Pepani! Thamanga ukatenge."

"Koma ndi chimene chikutchinga pakhomo."

"Usiku umodzi wokha safa nawo. Mawa tipita ndi chitseko. Kwera minibasi, ubwere mwambo usanayambe."

Pepani anasiya kansalu kopukutira pa mpando n'kutuluka.

Anatsika pamsika mdima ukuyamba kugwa. Magetsi anali atazima. Ogulitsa ankalongedza katundu mofulumira chifukwa kumwamba kunali kutada. Anagula buledi pa kagolosale kena kuti asafike opanda kanthu, n'kulowa kanjira ka matope ka pakati pa nyumba.

Pa mdadada uja zitseko zonse zinali zotseka. Nthawi inali isanapite, koma panalibe mwana panja, panalibe mbaula yoyaka. Pakhomo loyandikana ndi la a Telala panali matumba a makala ofundidwa pepala lapulasitiki, mwini wake atalowa kale. Galu wina anali atagona pakati pa njira, maso ali pa khomo la kumapeto. Sanauwe. Sanasunthe. Pepani anamulambalala.

Chinsalu chinalipo. Chinali chitada, ndipo m'munsi chinali chitang'ambika mizeremizere.

"Odi."

Kunali zii.

"Odi, agogo."

"Lowa, wa manja ofewa."

Anakankhira chinsalucho pambali n'kuyatsa tochi ya foni. Makoma abuluu aja anawala. Pakona pamene panali makina panangotsala banga la mafuta pasimenti. Poto kulibe, ndowa kulibe, kawailesi kulibe. Munkanunkha penti ndi mankhwala aja amakolopera m'chipatala, ndipo pansi pa fungo limenelo panali fungo lina.

A Telala anali atakhala pa bedi la mawaya lopanda matiresi, atawongoka, manja ali pa mawondo. Anali atavala malaya oyera aja, mabatani mpaka m'khosi. Kansalu kena kanali katamangidwa kuchokera pansi pa chibwano kukafika pamutu. Pepani anaganiza kuti mwina dzino likuwawa.

"Ndakubweretserani buledi, agogo."

"Ika pansi. Makoswe athokoza."

Anaika pansi.

"Wabwera nacho?"

"Chikubwera mawa. Chilipo, ndachiona ndi maso angawa. N'cholimba, chokongola."

"Chokongola," a Telala anabwereza.

Pepani anayang'ana uku ndi uku. "Katundu wanu ali kuti?"

"Poyamba analowa agalu," anatero mkuluyo. Ankalankhula mosakweza mawu, ngati akufotokoza mitengo ya nsalu. "Ananunkhiza n'kutuluka. Kenako anyamata. Anandipatsa moni bwinobwino, n'kunyamula makina ndikumva. Mmodzi anabwerera kudzatenga kabotolo ka mafuta. Bulangete anandivundukula ndi mzimayi, ndinamva mafuta odzola. Matiresi anachita kundigubuduza. Mvula itabwera inandipeza pa mawaya pano. Chifuwa chinayamba. Ndinaitana. Khomali n'lopyapyala, mwana wanga, akamatafuna uko ndimamva. Ndinaitana mpaka mawu anatha."

Anapendeketsa mutu n'kupitiriza.

"Ndiye agalu aja anabweranso. Ulendo umenewo sanangonunkhiza."

Dzanja la Pepani linayamba kutsitsa tochi palokha.

"Usaunike kumapazi."

Anakweza tochiyo msangamsanga, ndipo kuwala kunagwera pankhope. M'mphuno mwa a Telala munali thonje. Pepani anadziuza kuti ndi kamfuno. Anadziuza kuti akuluakulu amadwala zambiri. Koma anali ataonanso china. Nthawi yonse imene mkuluyo ankalankhula, pakamwa panali potseka.

Pepani anabwerera m'mbuyo pang'ono. Akanatha kutuluka pomwepo. Koma anali mwana woleredwa kuti akamutuma azifikitsa uthenga, ndipo mawu anangotuluka okha.

"Andituma chinsalu, agogo. Akuchifuna ku mwambo."

"Tenga. N'chanu."

Ananyanyamphira n'kuchikolola pa misomali. Chinsalucho chitangochoka, mphepo inalowa m'chipindamo ngati inkachita kudikira. Anachipinda mwachisawawa n'kubwerera chafutambuyo mpaka anaima pakhomo penipeni, msana uli kunja, kuti atsanzike.

"Ima kaye pamenepo."

Anaima.

"Wamva? Mphepo yachepa. Chichokereni chitseko changa sindinaonepo tulo. Ima pamenepo pang'ono, ndigoneko."

"Akundidikira, agogo."

"Inenso ndinadikira."

Pepani anaganiza kuti pang'ono pokha si kanthu. Anali ndi mangawa ndi mkuluyu, ndipo ankadziwa. Anaika chinsalu pansi n'kugwira felemu ya chitseko mbali zonse.

Mawaya a bedi analira. A Telala anadzuka. Mwendo wakufa uja unkakwekwereka pasimenti, khwee, khwee. Anafika pafupi, ndipo fungo lija linafika nawo. M'thumba la malaya anatulutsa tepi yoyezera. Anamuyeza phewa ndi phewa. Anamuyeza kuchokera pamutu mpaka pansi. Zala zawo zinkazizira ngati chitsulo chogona panja.

"Wachepa m'mbali. Tambasula."

Anamukoka mkono umodzi mpaka phewa linalira. Anakokanso winawo. Anamukankha mapazi kuti afike m'makona. Foni inamupulumuka n'kugwa tochi itayang'ana pansi, m'chipindamo munangotsala kamzere ka kuwala pansi.

Kenako anamva chala chachikulu chikumukanikiza paphewa lakumanzere. Chinkakanikiza uku chikupota, pang'onopang'ono, mmene iye anapotera sikuludiraiva tsiku lija. Ululu unalowa mpaka m'fupa. Chala chija chinatsikira m'chiuno n'kuchita chimodzimodzi. Kenako pa bondo. Pepani anafuna kuchotsa manja pa felemu. Manja anakana. Anafuna kusuntha phazi. Phazi linali ngati lamera mizu.

"Agogo, pepani. Ndisiyeni ndipite. Pepani."

"Usacheuke," anatero a Telala. "Ukacheuka ndiye kuti watsegula."

Khwee, khwee. Mawaya analiranso. Kenako bata. Sankamva kupuma kwa munthu, sankamva mkonono.

Foni inalira pansi. Inalira n'kusiya, inaliranso. Pepani ankadziwa kuti ndi Wapampando. Ankaiona ikunjenjemera pasimenti, pafupi ndi chala chake cha kuphazi, koma sankatha kuifikira. Italira kangapo inatopa. Kamzere ka kuwala kaja nako kanazima.

Mvula inayamba. Inkamumenya kumsana, madzi akutsetsereka m'tisheti mpaka m'nsapato. M'chipinda simunalowe dontho.

Woyamba kufika anali galu. Anamva mphuno yonyowa pa katumba. Inanunkhiza m'mwamba, m'munsi. Panabwera wina, ndi winanso. Mmodzi anayesa kulowetsa mutu pambali pa mwendo wake, koma anabwerera ngati wagunda thabwa. Anayamba kukanda. Zikhadabo zinkang'amba khungu la kuseri kwa miyendo, ndipo Pepani anakuwa.

"Thandizeni! Amayi a pafupi, thandizeni!"

Kuseri kwa khoma kunamveka mpando ukusuntha. Munthu anatsokomola. Kenako wina anayatsa wailesi n'kuikweza.

Agalu aja anasiya kukanda onse pamodzi. Analira chapansipansi n'kuthawa. Pepani anamva mapazi akubwera m'matope, mapazi opanda nsapato, osafulumira. Anafika kumbuyo kwake n'kuima. Panalibe mpweya wa munthu pakhosi pake. Panali kuzizira kokha.

Go. Go. Go.

Mfundo za zala zinagogoda pakati pa msana wake. Phokosolo linamveka m'chifuwa mwake ngati m'mgolo wopanda madzi.

"Odi." Anali mawu a mayi wachikulire. "Bambo a m'nyumba, ndine. Tsegulani, tizipita. Mwachedwa."



Go. Go. Go.

"Tsegulani, ndanyowa."

"Usatsegule," mawu a a Telala anachokera mumdima. "Ndikufuna ndigone m'nyumba mwanga."

Mapazi ena anafika. Ena olemera, ena ang'onoang'ono ngati a ana. Ankanong'onezana, koma mawu ake sankamveka. Zala zinayamba kupapasa m'mphepete mwa nthiti zake, m'khwapa, pamwamba pa mutu, kufunafuna mpata. Wina anatsamiritsa phewa pamsana pake n'kukankha. Paphewa, m'chiuno ndi pa bondo paja panalira ngati chitsulo cha dzimbiri. Pepani analuma lilime, m'kamwa munadzaza magazi. Sanagwe. Sakanatha kugwa.

Anapemphera mapemphero onse amene ankawadziwa. Anaitana mayi ake. Wailesi ya kuseri kwa khoma inkaimba nyimbo zovina.

Kenako onse anakhala chete, ndipo panafika mmodzi. Ameneyu sanagogode ndi nkhonya. Anangoika chikhatho pamsana pake, mofatsa.

"Mwana wanga."

Mawu amenewo Pepani ankawadziwa.

"Mwana wanga, kukhosi kwauma. Madzi pang'ono."

"Ababa?"

"Ndakhala ndikuitana. Tandiyang'ana, mwana wanga. Wakula bwanji?"

Khosi lokha ndi limene linkatheka kutembenuka. Linayamba kutembenuka. Misozi inkasakanikirana ndi mvula.

"Si bambo ako amenewo," anatero a Telala. "Kapena ndi iwowo. Ine sindiona. Koma ukacheuka alowa onse, ndipo sabwerera ndi ine ndekha."

Pepani anabweza nkhope. Anatsinzina.

"Madzi, mwana wanga."

"Pepani, ababa."

Chikhatho chija chinakhala pamsana pake nthawi yaitali. Mawuwo anapempha, anadandaula, kenako anayamba kulira mmene mwamuna wamkulu amalirira akaganiza kuti palibe akumumva. Chitachoka chikhathocho, kugogoda kunayambiranso. Sikunalekenso mpaka tambala analira.

Woyamba kumuona anali mayi wogulitsa makala wa pakhomo loyandikana lija, atatuluka kukataya madzi. Anaona munthu wa tisheti yachikasu atadzaza khomo la kumapeto, mikono atatambasula, miyendo ili magazi okhaokha. Beseni linamugwa. Kukuwa kwake kunatulutsa mdadada wonse.

"Iwe! Ukufuna chiyani m'nyumba ya maliro?"

Pepani anayankha ndi mawu osasa, osatembenuka. "Musasokose. Agogo agona."

Anthu anabwerera m'mbuyo. Bambo wina wolimba mtima anasuzumira pansi pa mkono wake. M'chipindamo munali bedi la mawaya, chinsalu chakuda pansi, foni, ndi pepala la buledi lobooledwa ndi makoswe. Munalibe munthu.

"Agogo ake ati?" anatero mayi wa makala. "A Telala anamwalira sabata yatha. Tinadziwira fungo. A khonsolo anabwera kudzawatenga, anakawaika kale."

"Ndi gulu lija!" anakuwa mzimayi wina. "Taonani tisheti. Ndi amene anachotsa chitseko. Anapha nkhalamba amenewa!"

Mvula ikaona litsiro sikata. Mantha a anthu aja anasanduka ukali. Wina anamuwomba mbama ya m'khutu. Wina anamulavulira. Ena ankati ndi mfiti yagwidwa ndi m'bandakucha, ena ankati wabwera kudzaba zotsala. Anamukoka tsitsi kuti achoke pakhomopo, koma sanasunthe. Amuna awiri anachita kumukanganula zala pa felemu, chimodzichimodzi, ndipo china chinathyoka. Atamugwetsa m'matope, mikono yake inakhalabe yotambasuka. Ali chagada, Pepani anaona nkhope za anthu atamuzungulira. Mzimayi amene ankakuwa kwambiri uja anali atafunda bulangete la a Telala.

Mwini nyumbazo, poopa kuti munthu angafere pamalo pake, anatola foni, anaitchaja kwake n'kuimbira nambala yolembedwa kuti Amayi. Mayi ake a Pepani ankagwira ntchito yochapa m'nyumba za anthu. Anasiya zovala m'madzi n'kuthamanga. Atafika sanafunse kanthu kwa aliyense. Anavula nsalu yawo, anamufunditsa mwana wawo, n'kumubereka kumsana ngati khanda mpaka kumsewu.

Kuchipatala anamanga chala, anatsuka mabala a agalu, anamubaya jakisoni. Paphewa, m'chiuno ndi pa bondo panali timabala takuda, tozungulira, tolowa mkati. Msana wonse unali wotupa, wa mawangamawanga. Dokotala anati anthu aja ndi amene anamumenya. Anati ana a sukulu ambiri amasokonezeka mutu akatha mayeso, apume.

Mayiyo anapita ku koleji atavala diresi lawo la kutchalitchi. Anapeza Wapampando mu ofesi ya gulu, chikho cha mphoto chili patebulo. Analandiradi, ngakhale popanda chinsalu. Mnyamatayo anaimirira mwaulemu n'kuwapatsa mpando.

"Mayi, palibe amene anamutuma. Tinangoona kuti wasowa, tinamuimbira, osayankha. Kunena zoona, mwana wanu kuyambira kale ankaoneka kuti sali bwinobwino. Funsani aliyense."

Mayiyo anayang'ana Kamera, amene anali atakhala pakona. Kamera ankayang'ana nsapato zake.

Tsiku lomwelo gulu linatulutsa pa intaneti chithunzi cha a Telala chija, atakhala pansi, misozi ili m'masaya, ndi mawu oti agogo athu okondedwa, usani mumtendere. Anthu ambiri analira nacho, ena n'kulonjeza thandizo la ntchito yotsatira. Chitseko choyera anachikhomerera pakhoma la ofesi kuti chikhale chikumbutso. Ankafuna kulembapo dzina la malemuyo, koma panalibe amene anawafunsapo dzina. Anangolembapo kuti AGOGO.

Pa mdadada uja nkhaniyi amaikamba chapansipansi, pa mpopi kapena pogula makala. Ena amati mtsikanayo anali nazo kale, anthu a maphunziro amabisa zambiri. Ena amati mlandu suwola, iye ndi amene anamasula mahinjesi, iye ndi amene analonjeza. Mayi wa makala amatsutsa. Amati mkulu uja analibe mphamvu zokafika ku koleji, mwendo wake unali wakufa, ndiye anagwira amene anabwera. Amati akufa sasiyana ndi amoyo, amalimbana ndi wofewa. Za wailesi satchulako.

Mwini nyumba anaikapo chitseko cha malata n'kulowetsamo banja lina. Banjalo limati m'chipindamo mumagoneka bwino kwambiri. Ngakhale galu sayandikira.

Pepani sanabwererenso ku koleji. Amakhala ndi mayi ake, amawathandiza kuyanika zovala ndi mkono umodzi, chifukwa wakumanzere sukweranso. Masana amadya, amayankha akamufunsa, nthawi zina amamwetulira. Koma kukayamba kuda amadzuka pamene wakhala, amakaima pakati pa chipinda chake n'kutambasula mikono, mapazi motalikirana. Abusa anabwera, anapemphera mpaka thukuta. Amalume ake anayesa kumumangirira pa bedi, ndipo m'mawa anapeza zingwe zitamudula khungu, iye ali chiimire. Tsopano amangomusiya.

Mayi ake amakhala pafupi ndi khomo la chipinda chake, atatsamira khoma, nyale ili pafupi. Amamva. Si phokoso la thabwa, si la malata. Limamveka lobanika, ngati munthu akumenya pilo wonyowa. M'mawa amatenthetsa madzi n'kumuthowa msana, mawanga atsopano ali pamwamba pa akale.

Tsiku lina akumuthowa analephera kupirira.

"Mwana wanga, tandiuza. Amene amagogodawo ndani?"

Pepani anayang'ana khoma.

"Sindikudziwa, amayi," anatero. "Sindinacheukebe."